Kudya m'mbali mwa mtsinje si mlandu

Nyengo yotentha ikafika ku Britain, dzuwa n'kumalowa cha m'ma 9 koloko usiku, abale athu ambiri okhala ku Manchester, Leeds ndi mizinda ina amapeza mpata wofika ku London. Ena amabwera kudzakonza za mapepala ku ofesi ya kazembe wa Malawi, ena kudzachingamira mlendo ku Heathrow. Akathana nazo amatsetserekera ku South Bank, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, n'kujambulitsa pafupi ndi London Eye. Njala ikawapeza amaima pakhomo pa lesitilanti, n'kuwerenga mitengo, mutu n'kuyamba kusintha mapaundi kupita m'makwacha. Posakhalitsa mumva wina akuti, "Tiyeni, tikadya kunyumba." Ulendo wonse umathera pa buledi wa m'chikwama.

Mtima umenewu tonse tikuudziwa. Munthu ukakhala kunja, mbale iliyonse ya chakudya umaiyeza ndi thumba la feteleza, fizi ya mwana wa achemwali kapena malata a nyumba yosatha ija. Koma ife tikuti, wogwira ntchito kunja ayenera kukhalako pansi kamodzikamodzi, n'kudya chakudya chophika ena, akuyang'ana madzi, popanda kudziimba mlandu.

Taganizirani thupi lomwe limapanga ndalama zotumiza kumudzizo. Ndi lomwe limagwira shifiti ya maola 12 kusamalira okalamba, kunyamula makatoni m'nyumba zosungira katundu, kapena kulima m'magadeni a anthu ku Joni. Ngakhale ng'ombe yokoka ngolo amaimasula goli kuti imweko madzi. N'zoona, pali miyezi ina yomwe sizingatheke: mayi akagonekedwa m'chipatala, lesitilanti idikire. Koma mavuto akumudzi satha, lero ndi maliro, mawa ndi mbewu. Wodikira kuti adzasangalale zonse zikadzatha, sadzasangalala. Ndi kangati tasonkherana m'magulu a WhatsApp kuti thupi la mnzathu lipite kwawo, munthu woti adakhala zaka 15 m'dziko la eni koma sadalionepo, kupatula msewu wochoka kuchipinda chake kupita kuntchito?

Tsono mukaganiza zolowa, dziwani chomwe mukugula. Ku Liwonde kapena ku Mangochi, chambo chimene chili pambale panu nthawi zambiri chimachokera m'madzi a m'dera lomwelo. Ku Thames si choncho. Nsomba ya fish and chips, kaya ndi cod kaya haddock, imachokera kunyanja yamchere, kutali ndi pomwe mwakhalapo. Mtengo ukamakwera kuposa wa m'kashopu ka pafupi ndi kwanu, mukulipirira mpando ndi mtsinjewo. Ndiye musadye ngati mukuthamangira basi. Khalani, muuone mtsinje womwe mwaulipirawo.

Ndipo ulipo wouona. Thames ndi wamakilomita 346, wamfupi poyerekeza ndi Shire wathu, koma ali ndi khalidwe lomwe Shire alibe. Pakati pa London madzi ake amatsatira nyanja, amadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo nthawi zina amasiyana mpaka mamita pafupifupi 7. Mukhoza kukhala pansi matope ndi miyala zili pamtunda, pomadzalipira bilu n'kupeza madzi abwerera, akuyenda ngati akukwera phiri. Kwa munthu wokulira kudambo, wochapa ndi kusamba kumtsinje, ola limodzi lotere limatsitsa mtima pansi kuposa tsiku lonse logona m'chipinda.

Kudya kotereku sikufuna kuti munthu achite kukongola ndalama. Malesitilanti ambiri amapachika menyu pakhomo, werengani musanalowe, palibe angakusekeni. Masana malo ambiri amakhala ndi chakudya chotsikirako mtengo kusiyana ndi madzulo. Ku England, malo onse ogulitsa mowa amakakamizidwa ndi lamulo kupereka madzi apampopi mwaulere kwa kasitomala amene wapempha, choncho musachite manyazi kuitanitsa. Ndalama ya tsikuli muisunge padera pang'onopang'ono, monga musungira ya lendi, kuti isadye ya kumudzi.

Bilu ikabwera, apa ndiye pali mayeso athu. Ku London malesitilanti ambiri amaonjezerapo service charge, kawirikawiri 12.5 peresenti, kutanthauza kuti chakudya cha mapaundi 60 chimafika pa 67.50. Akalemba kuti ndi yosakakamiza, muli ndi ufulu woichotsa, ndipo ngati akulandirani mwachipongwe chotsani ndithu. Koma ngati mwatumikiridwa bwino, isiyeni. Kuyambira pa 1 October 2024, lamulo ku England, Scotland ndi Wales likuti eni malesitilanti azipereka ndalama zonse zamatipi kwa antchito, osadulapo kanthu. Ku South Africa chizolowezi ndi kusiya 10 peresenti kapena kuposerapo. Ku United States anthu amasiya 15 mpaka 20 peresenti, chifukwa lamulo la boma lalikulu limalola kuti wolandira matipi azilipidwa madola 2.13 okha pa ola, ngakhale madera ena adakweza.

Ife, kuposa wina aliyense, sitiyenera kuchita kuuzidwa zimenezi. Ambiri mwa ife tadutsamo m'khitchini, tatsukapo mbale mpaka manja kutuwa. Amene adadyapo ku Cape Town kapena m'mbali mwa mtsinje wa Vaal akudziwa kuti wobweretsa mbale nthawi zambiri amakhala mwana wa ku Mangochi, ku Nkhata Bay kapena ku Harare. Nayenso ali ndi mayi amene akudikira uthenga wa Mukuru. N'zomvetsa chisoni kuona munthu amene dzulo lomweli adali woperekera zakudya, lero wakhala pampando n'kumakodola mnzake ndi chala, kenako n'kuchoka osasiya ngakhale kakobiri. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ngati ndalama ya tipi palibe, ndiye kuti ndalama ya lesitilanti sinakwane, sunganibe.

Chotsala ndi chithunzi. Ambiri chomwe amaopa si bilu, koma foni yomwe idzalire chithunzicho chikangofika pa Facebook: "Achimwene, tikuona mukudya bwino, ife kuno ufa watha." Ena amabisa, ena amachita kuonjezera kuti anthu awaone ngati mabwana. Zonse ziwiri n'zolakwika. Wobisa amadya ngati wakuba, wodzionetsera amanamiza achinyamata kumudzi kuti kunja ndalama amachita kutola. Njira yabwino ndi kunena zoona. Tumizani chithunzicho, koma muwauzenso kuti mwadya chonchi kamodzi m'miyezi 6, ndipo Lolemba 6 koloko m'mawa mukhala muli pantchito. M'bale wokukondani adzasangalala kuti mwapumulako. Amene akwiye chifukwa mwadya nsomba ya thukuta lanu, ndiye kuti amakuonani ngati banki, osati ngati m'bale.

Choncho ulendo wina mukadzapezeka m'mphepete mwa Thames, kapena mtsinje uliwonse wa dziko lomwe mwafikako, musadzangojambulitsa n'kuthawa. Zakumudzi mutumiziretu, kenako pemphani tebulo loyang'ana kumadzi, foni muiike m'thumba. Mukakhuta, muthokoze amene wakutumikirani, ndipo mumusiyire kake.