R.E.M., Gulu Lomwe Linasiyana Mwamtendere

Tamvani nkhani ya R.E.M., gulu loimba la ku America.

Anyamata anayi anayambitsa gululi m'tauni ya Athens, ku Georgia, m'chaka cha 1980. Anali Michael Stipe, Peter Buck, Mike Mills ndi Bill Berry. Chionetsero chawo choyamba anachichitira m'nyumba yomwe kale inali tchalitchi. Nyimbo zawo za rock zinali zachilendo. Amene anaziulutsa poyamba anali mawailesi ang'onoang'ono a m'makoleji.

Anayiwa anapangana chinthu chimodzi. Nyimbo iliyonse, kaya waipeka ndani, ndi ya onse. Phindu lake ankagawana mofanana.

Mu 1991, nyimbo ya Losing My Religion inawatchukitsa dziko lonse lapansi. Mu 1995, woimba ng'oma, Bill Berry, anagwa akuimba ku Switzerland chifukwa cha vuto la mtsempha wa mu ubongo. Anachira. Patapita zaka ziwiri anapempha kusiya kuti akakhale mlimi, koma anauza anzake kuti iye akhalabe ngati kuchoka kwake kungathetse gululo. Atatuwo anapitiriza.

Mu 2011 analengeza okha kuti ulendo watha. Sanatengerane kukhoti. Sananyozane poyera. Zaka zoposa makumi atatu zinatha mwaulemu, chifukwa kuyambira pachiyambi, phindu ankagawana mofanana.

Inu amene mukuyamba gulu lanu loimba, kambiranani za kagawidwe lero, ndalama zisanabwere.