Chenjezo: lawi la moto lisalowe mu tenti!

Abale anga a ku Mangochi, kuyambira ku Makanjira, Malindi, Mpondasi, Makawa mpaka ku Monkey Bay ndi kwa Chembe, tcherani khutu. Ngati usiku uno mugona mu tenti kapena m'chisakasa cha lona, kandulo ndi koloboyi zitsale panja. Musati mawa. Lero lomwe.

Matenti achuluka kunyanja kuno. Alendo amawakhoma ku Cape Maclear. Achinyamata ankagonamo unyinji pamene chikondwerero cha Lake of Stars chinkachitikira ku Nkopola. Ana asukulu ndi amipingo amabwera nawo akafuna kudzaona nyanja. Koma ambiri mwa inu simunachite kusankha. Namondwe Ana mu 2022, Freddy mu March 2023, kenaka nyanja kukwera mu 2024 mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete: zonsezi zinakankhira mabanja kumisasa, ana ndi katundu yense mu tenti imodzi.

Dziwani ichi: tenti si nyumba. Nsalu ya matenti ambiri ndi pulasitiki. Ikagwira moto imasungunuka, n'kumadonthera pa munthu amene wagona. Madonthowo amakanirira pakhungu, ndipo amapitiriza kuotcha ngakhale lawi litazima. Khomo ndi limodzi, lotsekedwa ndi zipi. Mumdima, utsi uli m'maso, mwana akulira, zipiyo simuipeza msanga.

Onjezanipo neti ya udzudzu. Kuno malungo ndi ambiri, ndiye musasiye kugona m'neti. Koma netiyonso ndi pulasitiki, ndipo imalendewera pafupi ndi pansi, pomwe mwaika kandulo. Mwera ukangokankha khoma la tenti, kapena mwana akatambasula mwendo ali m'tulo, basi zatha.

Mwina mukuti, "Ine ndimazimitsa ndisanagone." Ndani amadziwa nthawi imene tulo timubere? Munthu amene watopa ndi kukoka makoka tsiku lonse amangoti ndipumeko pang'ono, kandulo ikuyaka.

Pali mdani wina amene simumuona. Chilichonse choyaka m'malo otsekeka, kaya ndi nyali ya palafini, ya gasi kapena mbaula ya makala, chimatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Umayamba ndi mutu, chizungulire, mseru ndi kufooka, ndiye munthu amaganiza kuti ndi malungo, n'kudzifunditsa kuti agone. Ena sadzukanso.

Ngoziyi imakula mu June ndi July, mwera ukamaomba ndipo kunyanja kukuzizira. Pamenepo m'pamene anthu amalowetsa mbaula kuti iwapatse kuwala ndi kutentha nthawi imodzi, n'kutseka paliponse. Paja pakadafunda padajiwitsa galu. Makala ofiira, opanda utsi, amene mumati apsa bwino, amaphabe. Mbaula isalowe mu tenti, ngakhale pakhomo penipeni isakhale. Fundani bulangete lina.

Inu asodzi ndi alovi ogona m'madoko, mawu awa ndi anu. Kale siginala ankaitana usipa ndi nyali za palafini zopopa. Lero ambiri mwasamukira ku mababu a LED ndi batire. Ngati usipa mukuuunikira ndi LED, bwanji pogona panu mukuyatsabe koloboyi? Ndipo chigubu cha petulo wa injini chili kuti? Ngati chili kumutu kwanu, chitulutseni tsopano. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda chapansipansi mpaka kukapeza lawi lomwe lili patali ndi chigubucho. Musathire petulo m'nyali, ndipo musagule palafini amene mukumukayikira kuti ndi wosakaniza. Nyali yotero imaphulika.

Nanga muunikire chiyani?

Gulani nyali ya LED. Ikhale ya sola, yotchaja kapena ya mabatire, zonse zili bwino, bola ilibe lawi. Dzuwa la ku Mangochi silisowa, ndiye ya sola ndiyo ingakupulumutseni pa ndalama. Kandulo imaoneka yotchipa chifukwa mumagula imodziimodzi. Werengani za mwezi wathunthu muone.

Musathamangire yowala kwambiri. Tenti yaing'ono ikwana ndi nyali yolembedwa ma lumen 100 kapena kucheperapo, makamaka yokhala ndi batani lochepetsera kuwala. Nyali yothobwa m'maso imatha moto msanga, imaitana tizilombo tonse ta m'mphepete mwa nyanja, ndiponso imaonetsa zithunzithunzi zanu pakhoma la tenti kwa aliyense wodutsa panja. Amayi ndi atsikana a m'misasa, ichi musachiiwale posintha zovala.

Sankhani yokhala ndi kokolekera, muipachike pamwamba pakati pa tenti. Ngati muli ndi tochi yokha, igunditseni kubotolo loyera lodzaza madzi, kuwala kumwazikira ponseponse. Tochi ina ikhale pafupi ndi dzanja lanu, yotulukira usiku. Kugombe kuli njoka ndi zinkhanira, ndipo cha ku Shire ndi ku Malombe mvuu zimatuluka kukadya kukada. Tochi ya foni musaidalire kwambiri, chifukwa foniyo ndi imene mudzaitanire thandizo.

Chenjerani pogula, pakuti apa anthu akupusitsidwa. Pali nyali zokongola zokhala ndi kagalasi kakuda pamwamba, kooneka ngati sola, koma kosatchaja kanthu. Yatsani wogulitsa akuona. Funsani kuti ikadzaza imayaka maola angati. Pemphani lisiti, ndipo mufunse ngati angaisinthe ikafa msanga. Akayamba kuzemba, bwezani ndalama m'thumba.

Nyali ya batire nayonso ili ndi malamulo ake. Musaisiye mu tenti yotseka masana a October, muja mumatentha koopsa. Ngati sola yake ndi yapadera, sola ikhale padzuwa, nyali pamthunzi. Batire ikatupa, ikamatentha kwambiri kapena ikamanunkha, lekani kuigwiritsa ntchito. Musatchaje chinthu pansi pa pilo. Amene mumakoka magetsi kubatire ya galimoto, kutani mawaya onse ndi tepi, chifukwa mawaya osakuta akakhudzana amathetheka n'kuyatsa lona. Timabatire tating'ono tozungulira tibiseni. Mwana akameza kamodzi kamamuotcha kummero, ndipo ayenera kufika kuchipatala nthawi yomweyo.

Ngozi ikachitika, musataye nthawi ndi katundu. Tulutsani ana. Zipi ikakana, ng'ambani khoma ndi mpeni. Zovala zikagwira moto, musathamange: gonani pansi, gubudukani pamchenga. Pamene papsa thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mchere kapena mafuta. Pulasitiki yokanirira musaimatule. Thamangani naye kuchipatala cha Mangochi, cha Monkey Bay kapena chilichonse chapafupi. Wopsa kwambiri amatumizidwa mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo amakhalako nthawi yaitali.

Mukadzuka nonse mutu ukuwawa, tulukani panja msanga. Wina akapanda kudzuka, mukokereni kumphepo, mupite naye kuchipatala, ndipo mukanene kuti munali mbaula kapena nyali. Mwana akamwa palafini, musamusanzitse, chifukwa akatero palafiniyo amalowa m'mapapo. Ndipo lekani kusunga palafini m'mabotolo a zakumwa.

Mafumu, atsogoleri a m'misasa, makomiti a m'madoko, aphunzitsi ndi eni malo ogona alendo, ikani lamulo limodzi ndipo mulilengeze poyera: mu tenti simulowa kandulo, koloboyi, mbaula kapena ndudu yoyaka. Matenti akhomedwe motalikirana, ndowa ya madzi kapena mchenga ikhale pafupi. Inu a mabungwe ogawa matenti, perekani ndi nyali ya sola yomwe.

Ndipo inu mwawerenga izi, kukada zungulirani. Mukaona lawi likuphethira mu tenti ya mnansi wanu, odirani, mumubwereke tochi.