Chitupa chimatha bwanji mwini wake ali moyo?

Amalawi anzanga, makamaka inu a ku Thyolo amene mumalawirira ndi dengu kumsana kukathyola tiyi, lero ndati tikambirane za kachikadi kamene tonse timasunga ngati dzira: chitupa cha unzika.

Akuluakulu akukumbuka bwino. M'nthawi ya atsamunda munthu wopanda chitupa cha msonkho ankagona kutchire kuthawa amesenjala. M'nthawi ya chipani chimodzi, wopanda khadi la Kongeresi sankalowa mumsika ngakhale kukwera basi. Lero wopanda chitupa cha unzika palibe akum'thamangitsa, eya, koma zitseko zonse zimangom'tsekekera mwakachetechete.

Lamulo la kalembera wa nzika lidakhazikitsidwa mu 2010, ndipo mu 2017 bungwe la National Registration Bureau (NRB), mothandizidwa ndi UNDP, lidalemba anthu opitirira 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Ntchitoyi idali yotamandika, tisanamizane. Posakhalitsa chitupachi chidasanduka kiyi wa chilichonse. Mu 2018 bungwe la MACRA lidati nambala za foni zilembetsedwe. Mabanki nawo adayamba kuchifuna. Pachisankho cha 2019 ndicho tidalembetsera. Makuponi a fetereza amene malemu Bingu wa Mutharika, mwana wa konkuno ku Thyolo, adayambitsa mu 2005 adalowedwa m'malo ndi chitupa pamene ndondomeko ya AIP idayamba mu 2020, thumba lili pa K4,495.

Vuto lidabwera apa. Zitupa za 2017 zidalembedwa masiku othera ntchito, ndipo pofika 2021 zambirimbiri zidayamba kutha. Kukonzetsa kudali K2,500. Kwa bwana wa ku Capital Hill imeneyi ndi ya mayunitsi chabe. Nanga kwa mayi wa ku Thekerani kapena ku Masambanjati? Pa K2,500 ija muwonjezerepo ya kabaza kapena minibasi yopita ku boma ndi kubwerera. Akafika am'uza kuti netiweki palibe, abwerenso. Akajambulitsa, chitupacho sichituluka tsiku lomwelo. Ulendo wina ukum'dikira. Ndipo wa pa esiteti akajomba tsiku limodzi, kapitawo salemba tikiti. Masamba a tiyi sadikira munthu, makamaka mvula ikagwa, nthawi yomwenso banja likufuna fetereza wa m'kamunda kake.

Tsono taonani zodabwitsa: amene akufunitsitsa chithandizo cha boma ndi yemwenso sangakwanitse kukonzetsa chitupa chopezera chithandizocho.

Mu 2023 boma lidamva kulira ndipo nduna ya za chitetezo cha m'dziko pa nthawiyo, a Ken Zikhale Ng'oma, idalengeza kuti zitupa zotha zipitirire kugwira ntchito mpaka pa 1 Januwale 2026. Tidaomba m'manja. Komatu kumeneko kudali kuphimba bala ndi tsamba. Ngati chitupa chotha chidatha kugwira ntchito zaka ziwiri ndi miyezi dziko osagwa, tsiku lothera lija lidali la chiyani? Unzika wa munthu sutha ngati mankhwala a m'botolo.

A boma ali ndi yankho lawo, ndipo tilimve. Amati nkhope ya munthu imasintha, komanso kukonzanso zitupa kumathandiza kuchotsa akufa m'kaundula. Pa za nkhope ndikuvomera kwa mnyamata amene adajambulitsa ali ndi zaka 16. Koma gogo wa zaka 70, amene zidindo za zala zake zili kale m'kompyuta, mukum'vutitsiranji? Pa za akufa, njira yake ndi kulembetsa imfa. Palibe maliro amene amachitika m'mudzi nyakwawa osadziwa. Manda amapereka ndi iyeyo. Limbitsani kalembera wa imfa kudzera mwa mafumu ndi zipatala, osati kuitanitsa amoyo onse kuti adzaonetse kuti sadafe.

Nkhani ya kaundulayi ndi yaikulu kwa ife a ku Thyolo. Boma lino lili ndi anthu opitirira 700,000 malinga ndi kalembera wa 2018, pamene malo aakulu achonde ali m'manja mwa maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba. Mabanja ambiri amadalira kamunda kochepa, ganyu ndi chithandizo. Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, pomafika m'maboma onse 28 mu 2018 n'kuti Thyolo lili boma lokhalo limene ndalama zake zinkachokera m'thumba la boma la Malawi, kwinako akulipira ndi abwenzi akunja. Ndiye kuti dzina la wakufa likatsala m'kaundula wa kuno, ndi msonkho wathu womwe ukudyedwa, ndipo mayi wamasiye wamoyo ndiye watsala panja.

Palinso za maina. Ambiri adalembedwa ntchito pa esiteti kalekale, zitupa kulibe. Kalaliki adalemba dzina momwe adalimvera. Wina adalowa ntchito ndi dzina la malume ake. Chaka chobadwa adangoyerekeza. Makolo a ambiri a ife adachokera ku Mozambique n'kukhazikika m'maesiteti pa thangata, opanda pepala lililonse. Lamulo la penshoni la 2011 lidati bwana azisonkha 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Koma tsiku lopuma ntchito, dzina la m'buku la penshoni likasiyana ndi la pa chitupa ngakhale ndi chilembo chimodzi, ndalama zako zomwe umaziyendera ngati wopempha. Mwini wake akamwalira, mkazi ndi ana ndiye amaona zakuda.

Tisaiwalenso namondwe Freddy wa mu Malichi 2023. Matope adakokolola nyumba ku Thyolo, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, zitupa zili momwemo. Munthu wotere n'kumulipiritsa ngati adataya chitupa ku mowa, n'chilungamo chimenecho?

Ine maganizo anga ndi awa. Choyamba, aphungu akonze lamulo kuti chitupa cha munthu wamkulu chisakhale ndi tsiku lothera. Wachinyamata ajambulitsenso kamodzi akakula, mwaulere. Chachiwiri, a NRB agwirizane ndi a Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la PAWU kuti makina azibwera pa esiteti tsiku la malipiro, komanso ku Luchenza, Bvumbwe ndi Thekerani tsiku la msika. Chachitatu, maesiteti ayerekeze mabuku awo ndi zitupa wantchito akadali pa ntchito, osadikira tsiku lopuma. Chachinayi, maina a olandira chithandizo aziwerengedwa poyera pa bwalo la mfumu chaka ndi chaka.

Nafenso eni ake tili ndi mbali yathu. Tidamva m'zaka za AIP za anthu ogulitsa zitupa kwa mavenda, ndi ena ozisiya chikole kwa akatapila. Abale, ndalama ya venda imatha lero, njala imabwera mu Febuluwale. Chitupa chanu chigone m'nyumba mwanu.

Kwa inu olemekezeka aphungu a ku Thyolo, pa 16 Sepitembala 2025 anthu adaima pa mzere atalembetsa ndi zitupa zomwezi kuti akuvotereni. Poti zidali zabwino pokutumizani ku Nyumba ya Malamulo, kaziyankhulireni kumeneko kuti zikhalenso zabwino pogula fetereza ndi polandira penshoni.