Mwawerenga buku, inde, koma musatiululire mathero

Mu 2013 kanema wa Game of Thrones anaonetsa gawo la ukwati lomwe linadzidzimutsa oonera ambiri. Omwe anawerenga buku la George R. R. Martin, A Storm of Swords, ankadziwa zochitika paukwatiwo kuyambira mu 2000 pomwe bukulo linatuluka. Ambiri a iwo anagwira pakamwa kuti anzawo adzionere okha. Kanemayu si woyenera aliyense, koma khalidwe la owerengawa ndi lofunika kutengera.

Kanema wochokera m'buku amagawa anthu pawiri. Ena akudziwa kale yemwe afe ndi yemwe akwatiwe, ena akudikira gawo lotsatira mtima uli m'mwamba. Ine ndikuti udindo waukulu uli kwa wodziwayo, chifukwa wosadziwa sangazinde mawu omwe ali ndi msampha mpaka atawawerenga. Akawawerenga, basi, kwatha. Nkhani ungaionere kachiwiri kapena kachitatu, koma kuionera koyamba kumabwera kamodzi kokha.

Ena amati buku likakhala lakale palibenso chinsinsi. Things Fall Apart ya Chinua Achebe inatuluka mu 1958, ndipo wailesi ya kanema ya ku Nigeria inaisandutsa sewero mu 1987, Pete Edochie akusewera ngati Okonkwo. Ndi yakale ndithu, koma kwa wophunzira yemwe akuitsegula lero ndi yatsopano. Ife omwe tikuphunzira zauphunzitsi timauzidwa kuti tisamafulumire kupereka yankho mwana asanaganize. Kuulula mathero nakonso n'kulanda munthu mwayi wodziganizira.

Palinso mfundo ina yolemera. Mu 2011 Jonathan Leavitt ndi Nicholas Christenfeld a pa yunivesite ya California ku San Diego anapeza kuti anthu ankasangalalabe ndi nkhani zazifupi ngakhale atauzidwiratu mathero. Chabwino. Koma kafukufukuyo sakupatsa munthu chilolezo chosankhira mnzake. Wofuna kudziwiratu angathe kufunsa, ndipo adzauzidwa.

Tsono tichite bwanji pocheza pa intaneti? Choyamba, funsani kuti, "Mwafika gawo liti?" Chachiwiri, yambani uthenga wanu ndi dzina la kanema komanso nambala ya gawo, kuti yemwe sanafikepo aulumphe. Chachitatu, owerenga buku azikambirana paokha za kusiyana kwa buku ndi kanema. Pewaninso mawu onga akuti "musamukonde kwambiri ameneyo", chifukwa nawo ndi kuulula komwe, kungoti kwavala jekete.

Nanu oonera, musayembekeze kuti dziko lonse likhala duu mpaka mudzapeze ndalama ya bandulo. Ngati mwatsalira, patukani kaye pomwe anthu akukambirana.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lero mwatsogola ndinu chifukwa munawerenga buku, koma kanema wina akubwera yemwe buku lake simunaligwireko.