MANKHWALA OLETSA KHANSA YA M'MAGAZI KUBWERERA AFIKE KU LIVINGSTONE

Mlimi ali yense adziwa kuti kaufiti sathera pa kupalira kumodzi. Munda uoneka woyera, koma njere zake zitsalira m'nthaka kudikira mvula. Matenda a khansa ya m'magazi, imene madokotala aicha leukemia, nawonso acita cimodzimodzi.

Matendawa ayambira m'mafuta a m'mafupa, mmene magazi apangidwira. Wodwala afooka, atentha thupi kawirikawiri, ndipo ena acucha magazi m'nkhama. Kwa odwala ena, njira yokha yociritsira ndiyo kupha mafuta odwalawo ndi mankhwala amphamvu, ndi kuikamo mbeu za magazi zocokera kwa munthu wina, makamaka mbale wa bere limodzi. Dokotala wa ku America, E. Donnall Thomas, ndiye anatsogolera nchitoyi, ndipo analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1990.

Mabanja a m'Zambia ofuna cithandizo cotere apita ku India kapena ku South Africa. Ena agulitsa ng'ombe ndi kukongola ndalama zambiri. Wodwala akabwerako ali wamphamvu, mudzi wonse ukondwera nuyesa kuti nkhondo yatha. Koma mbeu zowerengeka za khansa zikhoza kubisala m'thupi, ndipo kubwerera kwa matenda ndiko kupha ambiri mwa odwala otere, makamaka m'zaka ziwiri zoyamba.

Masiku ano kuli mibulu ya mankhwala imene ilondola mbeu zodwalazo. Woyamba kuchuka mwa mankhwala otere ndi imatinib, amene analoledwa ku America m'caka ca 2001. M'caka ca 2020 madokotala a ku Germany ndi Austria anafalitsa zimene anapeza pa odwala 83 a khansa yokhala ndi cilema cochedwa FLT3. Onse anali atalandira kale mbeu za magazi. Mwa amene anamwa mankhwala a sorafenib zaka ziwiri, 85 pa 100 ali onse anali moyo popanda matenda kubwerera. Mwa amene sanapatsidwe mankhwalawo anali 53 cabe.

Mankhwalawa si a munthu ali yense ai. Dokotala ayamba wapima magazi kuti aone mtundu wa khansayo. Ndiponso ali ndi zobvuta zake, monga zidzolo ndi kutsegula m'mimba, kotero womwa ayenera kuonedwa kawirikawiri.

Apa ndipo pagona nkhani kwa anthu a ku Livingstone ndi midzi ya ku Kazungula. Cipatala ca Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2007, ciri ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 450. Munthu wofooka, amene cuma cake cinathera kunja, sangathe kukwera basi mwezi ndi mwezi kukatenga mibulu. Akalephera kamodzi, kawiri, kaufiti uja aphukanso, ndipo ng'ombe zija zapita pacabe.

Cifukwa cace nkoyenera kuti a Unduna wa Zaumoyo aike mankhwalawa pa cipatala cacikulu ca Livingstone. Magazi a wodwala azitengedwa pomwepo ndi kutumizidwa ku Lusaka, m'malo mwakuti wodwalayo ayende yekha. Ena adzanena kuti odwala otere ndi ocepa ndipo mankhwala ndi okwera mtengo. Nzoona. Koma mtengo wa mibulu ucepa poyerekeza ndi wa kuciza munthu kaciwiri, ndipo kaciwiriko kaŵirikaŵiri sikatheka.

Nawonso acibale ali ndi udindo wao. Mutu umodzi susenza denga. Asalole wodwala kuleka mankhwala cifukwa waoneka wonenepa, kapena kuwasakaniza ndi mizu popanda kufunsa dokotala. Azisunga makalata onse ocokera ku cipatala ca kunja, ndipo tsiku lopima magazi lisamaphonyedwe, ngakhale pa nyengo ya dzinja pamene nchito ya kumunda yacuruka.