Nyimbo zakale za ku Tokyo zatikola, nanga zathu tazisiya kuti?

Pali nyimbo zina zomwe zafala mwakachetechete pakati pa ife ophunzira. Simungazimve pa ukwati, pa chinkhoswe kapena m'minibasi. Zimalira m'makutu mwa munthu amene akuwerenga usiku mayeso atayandikira, kapena amene wangokhala phee pakhonde la hositelo. Ndi nyimbo za ku Japan za m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, zomwe amazitcha city pop, pamodzi ndi zina zatsopano zomwe amazipanga dala kuti zizimveka ngati zakale. Besi imayenda mosathamanga, malipenga amalowa apo ndi apo, piyano yamagetsi ikutsatira pambuyo, woimba naye sakuwa. Ambiri a ife sitimva liwu ndi limodzi lomwe la Chijapani, koma timazibwereza mpaka batire kutha.

Ine ndine mmodzi mwa okoledwawo, ndipo sindikuona cholakwa. Chimene ndikufuna tikambirane n'chakuti: kodi nyimbozi zikutiphunzitsa chiyani za momwe timasamalira nyimbo zathu zakale?

Tiyambe ndi momwe zinatipezera. Mariya Takeuchi anatulutsa "Plastic Love" mu 1984, ndipo panthawiyo siinagwedeze dziko. Patadutsa zaka zoposa 30, cha mu 2017, wina anaiika pa YouTube, makina a kumeneko n'kuyamba kuikankhira kwa anthu a m'maiko osiyanasiyana. "Mayonaka no Door" ya Miki Matsubara inatuluka mu 1979, koma inadzatchuka padziko lonse mu 2020, mwini wake atamwalira kale mu 2004. Mu 2022 The Weeknd anatenga chigawo cha "Midnight Pretenders" ya Tomoko Aran, ya mu 1983, n'kumangapo nyimbo yake "Out of Time". Nyimbo zomwe zinali zitagona m'mashelefu zinadzuka n'kuyamba kudyetsa eni ake kachiwiri.

Kwathu ku Chitakale, Japan si mlendo. Ma Sienta amene amadikira anthu pa siteji, opita ku Phalombe, ku Limbuli kapena ku Limbe, ambiri anayamba ayenda m'misewu ya ku Japan. Dalaivala akaliza injini, mumamva mzimayi akulankhula Chijapani, ndipo wailesi ya m'galimoto zambiri zotere imathera pa 90, n'chifukwa chake mawailesi ena sagwira. Takhala tikulandira zakale za ku Japan kwa zaka zambiri. Chachilendo n'chakuti tsopano tikulandiranso nyimbo zawo zakale, ndipo izi palibe amene akutikakamiza.

Chimatikoka n'chiyani? Choyamba ndi luso. Nyimbozi zinajambulidwa nthawi imene chuma cha Japan chinali pachimake, makampani akulipira oimba zida odziwa ntchito yawo ndi masitudiyo okwera mtengo. Khutu lozolowera nyimbo zopangidwa ndi munthu mmodzi pa kompyuta limazindikira msanga kuti apa pali anthu angapo amene akumverana. Chachiwiri, zimatipatsa mpumulo. Poti mawu sitiwamva, sizitilalikira, sizitikumbutsa za ngongole ya sukulu kapena za ntchito zomwe tikudziwa kuti n'zosowa tikamaliza maphunziro. Chachitatu n'chodabwitsa: zimatichititsa kupukwa moyo umene sitinaukhalepo, wa mzinda wowala usiku wonse, magetsi osazima, ndi achinyamata okhulupirira kuti mawa lidzaposa lero. Ngakhale kwa eni akewo, moyo umenewo unatha pomwe chuma chawo chinagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Koma phunziro lalikulu, kwa ine, lili pa zomwe achinyamata a ku Tokyo anachita m'zaka za m'ma 1990 zomwezo. M'dera la Shibuya munali masitolo ambiri ogulitsa malekodi akale. Oimba monga a gulu la Pizzicato Five ndi Cornelius ankafukula m'menemo nyimbo za m'ma 1960, za bossa nova ya ku Brazil, za ku France, ndi zija zoimbidwa m'mahotela anthu akudya, n'kuzisoka mwatsopano. Kaimbidwe kameneka kanatchedwa Shibuya-kei. Iwo sanaone zakale ngati za agogo. Anaziona ngati nkhokwe.

Nanga ife nkhokwe tilibe? Tili nayo, ndipo si yaing'ono. Kungodutsa malire a boma lathu kulowa ku Thyolo, kunali Allan Namoko, woimba wosaona, ndi gulu lake la Chimvu, amene banjo yake mukaimva kamodzi simuiiwala. Ku Chileka kunali Daniel ndi Donald Kachamba, amene anatenga kwela ya ku Joni n'kuipatsa kakomedwe ka kuno. Kunali Robert Fumulani ndi Likhubula River Dance Band. Kunali MBC Band. Funsani mnzanu wa m'kalasi atchule nyimbo zitatu za Tatsuro Yamashita, kenako zitatu za Namoko. Mudzaona kumene lilime lidzakakamire.

Umboni woti zathu nazo zikhoza kuyenda ulipo. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala pansi ndi agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu n'kuimba nawo nyimbo zawo zakale mwa kaimbidwe katsopano. "Linny Hoo" inafalikira pa TikTok, n'kuvinidwa ndi anthu a ku Asia ndi maiko ena omwe Chichewa sachidziwa n'komwe. Zimene timachita ife ndi "Plastic Love", iwo anachita ndi nyimbo ya mkulu wa zaka za m'ma 90. Madalitso Band nayo, ndi babatoni wake wa chingwe chimodzi, imadzaza malo ku Ulaya, pomwe kuno ena amaidutsa ngati ya pamsika.

Ndikudziwa zomwe ena anganene. Adzati nyimbo zathu zakale zinajambulidwa mosalongosoka, zimalira ngati zili m'chitini. Pali choonadi pamenepo. Oimba athu ambiri ankajambulira ku MBC, yomwe inali wailesi yokhayo m'dziko muno mpaka m'zaka za m'ma 1990, ndipo kanema wa dziko lino anayamba mu 1999. Adzatinso zaka za m'ma 1980 kuno sizinali zowala ngati za ku Tokyo: inali nthawi ya chipani chimodzi, woimba ankayenera kusamala mawu poopa bungwe lounika nyimbo ndi mabuku. Kupukwa nthawi imeneyo n'kovuta.

Komatu mfundo ziwirizi zikundithandiza ine. Ngati kajambulidwe kanali kofooka, ndiye kuti ntchito ilipo yoti ife, amene tili ndi malaputopu, tiziyeretse, tiziimbenso, titengemo zigawo. Ndipo ngati oimbawo ankaimba ali ndi mantha, ndiye kuti m'nyimbo zawo muli zining'a ndi mikuluwiko yoyenera kuimasula, zomwe ndi chakudya cha ife ophunzira mbiri, zilankhulo ndi zolembalemba. City pop imatipatsa maloto a eni. Namoko amatiuza momwe makolo athu enieni ankakhalira.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi nthawi. Nyimbo za ku Japan zinadzuka chifukwa matepi ake anasungidwa bwino, maina a olemba ndi oimba zida analembedwa, ndipo zitatchukanso panali njira yoti ndalama ifike kwa eni. Zathu zambiri zili m'makaseti omwe akuuma m'masutikesi, kapena m'malo obenera nyimbo pamsika, momwe fayilo imangolembedwa kuti "zakale" popanda dzina la woimba. Zina zomwe Hugh Tracey anajambula kuno m'zaka za m'ma 1950 zimasungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Anthu amene angatiuze kuti gitala mu nyimbo yakutiyakuti ankaimba ndani akutha mmodzimmodzi.

Tsono nazi zomwe tingachite osadikira boma. Mukapita kumudzi pa tchuthi, funsani makaseti a amalume, muwasamutsire pa kompyuta, mulembe dzina la woimba ndi chaka ngati chikudziwika. Amene mukusaka mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, oimba amenewa akudikira wowalemba. Amene mumapanga nyimbo, musanatenge chigawo cha nyimbo ya munthu, pezani banja lake, dutsani ku COSOMA, mugwirizane za malipiro. Kutchuka kwa nyimbo kopanda kanthu m'thumba la mwini wake ndi kuba kovala suti.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kamene nyimbo za ku Tokyo zatibweretsera ndi khutu lodziwa kumvetsera zakale mopanda manyazi. Pitirizani kumvera Mariya Takeuchi, inenso sindisiya. Koma pa mndandanda womwewo ikanipo Kachamba ndi Namoko, mumve ngati akuchepa.