Matatuu a ku Japan Sanayambe ndi Zigawenga

Nkhani ina yafala m'mafoni, ndipo ena akufuna kuti tiisindikize monga chenjezo kwa achinyamata amene ayamba kukonda zinjoka ndi nsomba zojambula pamkono. Imanena zinthu zitatu: kuti ku Japan aliyense wokhala ndi tatuu ndi membala wa yakuza, magulu a zigawenga a dzikolo, kuti mwambowu unayambira kundende monga chidindo cha akaidi, ndiponso kuti mpaka lero kujambula munthu pakhungu ndi mlandu kumeneko. Sitiisindikiza. Kholo lili ndi ufulu wokaniza mwana wake kudzijambula, koma lisamukanize ndi mbiri yopotoka ya anthu a dziko lina.

Nkhaniyi yakhalitsa chifukwa muli kachoonadi kamene kamaichirikiza. Ndi zoona kuti a yakuza ambiri, makamaka a mbadwo wakale, anadzijambulitsa msana wonse. Ndi zoona kuti boma la Japan linkadinda olakwa pakhungu. Ndi zoonanso kuti malo ambiri osambira amabweza munthu pakhomo akaona inki pathupi pake. Cholakwika n'chakuti atenga chigawo chimodzi cha mbiri yaitali n'kuchisandutsa chiyambi, tanthauzo ndi mathero a nkhani yonse.

Umboni wakale kwambiri wolembedwa suchokera kundende. Uli m'buku la mbiri la ku China lotchedwa Wei Zhi, la kumapeto kwa zaka za m'ma 200, limene limafotokoza za anthu a kuzilumba za Japan. Limanena kuti amuna, aakulu ndi aang'ono omwe, ankadzijambula kumaso ndi m'thupi. Asodzi omira pansi pa nyanja ankatero pofuna kudziteteza ku zinsomba zikuluzikulu, ndipo pambuyo pake zinasanduka zokongoletsa, zosiyana malinga ndi dera komanso udindo wa munthu. Kumpoto, akazi a mtundu wa Ainu ankatemedwa mozungulira milomo ndi m'manja pamene akukula kufikira msinkhu wokwatiwa. Kum'mwera, ku Okinawa, akazi ankakhala ndi zizindikiro kuseri kwa zikhatho, zotchedwa hajichi. Palibe mbava m'nkhani zimenezi.

Chilango chodinda anthu chinakhazikika m'malamulo mu 1720, pa nthawi ya shogun Tokugawa Yoshimune, mkulu wa asilikali amene ankalamulira dziko. Chinalowa m'malo mwa chilango choopsa kwambiri chodula munthu mphuno kapena makutu. Mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, wakuba ankamulemba mizere iwiri yakuda kuzungulira mkono. Kudera la Hiroshima ankalemba pachipumi, mzere umodzi pa mlandu ulionse, mpaka mizereyo itapanga chilembo chotanthauza galu. Chilangochi chinathetsedwa mu 1870. Taonani chimene chinali: mizere yosakongola, yoikidwa poonekera, yolembedwa mokakamiza kuti munthu achite manyazi. Chithunzi cha msana wonse, chimene munthu amachisankha yekha, kuchilipira yekha, n'kuchibisa pansi pa malaya, chinabadwira kwina. Alipo amene ankaphimba mizere ya chilango ndi chithunzi chachikulu, inde, koma kuti aphimbe pankafunika kuti luso lojambulalo likhalepo kale.

Luso limenelo linakulira m'misewu ya Edo, mzinda wa anthu pafupifupi miliyoni imodzi, womangidwa ndi matabwa ndi mapepala, umene unkapsa kawirikawiri. Moto wa mu 1657 wokha unapha anthu masauzande ambirimbiri. Cha m'ma 1720 akuluakulu a mzinda anakhazikitsa magulu a ozimitsa moto ochokera mwa anthu wamba, ndipo ambiri mwa iwo anali amisiri ozolowera kukwera pamadenga. Madzi sankakwanira, choncho ntchito yawo yaikulu inali kugwetsa nyumba zoyandikana ndi moto kuti usapitirire. Anyamata amenewa ndiwo anali ngwazi za mumzinda, ndipo ndiwo ankakonda kujambulitsa chinjoka pamsana. Pachikhulupiriro cha kumeneko chinjoka ndi mwini madzi ndi mvula, kotero munthu wolowa m'malawi ankachinyamula ngati chitetezo. Ankaganiziranso kuti akapsa mpaka nkhope kusazindikirika, anzake adzamudziwira pa chithunzicho. Onyamula anthu pamachila, amithenga othamanga ndi makalata pakati pa mizinda, akalipentala ndi ena ogwira ntchito ali chivulire nawonso anatengera. Kwa munthu amene ntchito yake inkamuvula malaya, ndipo malamulo a nthawiyo ankamuletsa kuvala nsalu zapamwamba za anthu olemekezeka, khungu ndilo linali chovala chake chonyaditsa.

Chimene chinakolezera zonsezi ndi buku. Nthano ya ku China ya ngwazi 108 zopandukira akuluakulu a boma akatangale inamasuliridwa m'Chijapani pansi pa dzina lakuti Suikoden, ndipo anthu wamba anaikonda kwabasi. Kuyambira mu 1827 wojambula Utagawa Kuniyoshi anatulutsa zithunzi za ngwazizo, zodindidwa ndi matabwa osema, zina mwa izo zili ndi matatuu thupi lonse. Wotchuka kwambiri anali Shishin, wa zinjoka zisanu ndi zinayi. Zithunzi zoterezi zinkagulitsidwa motchipa, ndipo wogula ankapita nacho kwa mmisiri n'kumuuza kuti akufuna chomwecho pamsana pake. Amene akufuna kutchula kholo la tatuu ya ku Japan monga tikuidziwira lero atchule Kuniyoshi ndi ozimitsa moto. Otchova juga, amene ndi ena mwa makolo a yakuza, analipo pamzerewo, koma anali makasitomala pakati pa makasitomala ena.

Ntchitoyo payokha ikutsutsa ganizo lakuti ndi baji ya gulu. Mmisiri wachikale amagwira kamtengo kokhala ndi masingano omangidwa kunsonga, dzanja lina likukoka khungu, n'kumabaya pang'onopang'ono ndi inki yakuda yopangidwa kuchokera ku mwaye. Njira imeneyi imatchedwa tebori. Thupi lonse limatenga zaka, munthu akubwera mlungu ndi mlungu kapena mwezi ndi mwezi malinga ndi thumba lake komanso kupirira kwake. Wophunzira amakhala zaka pakhomo pa mphunzitsi, kusesa ndi kupera inki, asanaloledwe kugwira khungu la munthu. Akakhwima amapatsidwa dzina la ntchito, ngati Horiyoshi III wa ku Yokohama, amene anabadwa mu 1946 ndipo ndi wodziwika dziko lonse.

Zithunzinso zili ndi malamulo ake. Nsomba ya koi yokwera mathithi imachokera ku nthano yakuti imene yafika pamwamba imasanduka chinjoka, ndipo imaimira khama. Maluwa a sakura, amene amayoyoka patangopita masiku ochepa, amakumbutsa kufupika kwa moyo. Fudo Myoo, wa nkhope yaukali, lupanga kudzanja lamanja ndi chingwe kumanzere, ndi mtetezi wa m'chipembedzo cha Chibuda. Mmisiri wodziwa ntchito salola kusakaniza maluwa a nyengo ina ndi masamba a nyengo ina pachithunzi chimodzi. Ndipo chojambulacho chimathera chisanafike pakhosi ndi m'manja, nthawi zambiri n'kusiya mpata wosajambula pakati pa chifuwa, kuti munthu akavala asadziwike n'komwe. Ulemu wake uli pobisa.

Nanga zinatani kuti chinthu chotere chisanduke chonyansa? Yankho lili mu 1872. Boma latsopano la Meiji, dziko litangotsegulidwa kwa azungu, linkaopa kuonedwa ngati la anthu osatukuka, ndipo linaletsa matatuu pamodzi ndi zina monga kuyenda osavala mumsewu. Chifukwa chake sichinali umbanda. Anali manyazi pamaso pa alendo. Chodabwitsa n'chakuti alendo omwewo ndiwo anathamangira kwa amisiriwo. Mu 1881 kalonga George wa ku Britain, ali ndi zaka 16, anajambulitsa chinjoka pamkono atafika ku Japan pa sitima yankhondo. Ameneyu ndi George V, amene anali mfumu kuyambira 1910 mpaka 1936, pamene Nyasaland inali pansi pa ulamuliro wake. Mu 1891 Nicholas, amene anadzakhala mfumu yomaliza ya Russia, anachitanso chimodzimodzi ku Nagasaki. Mmisiri yemwe akanamangidwa chifukwa chojambula mnansi wake ankalandira ana a mafumu.

Amene anamva kuwawa kwenikweni kwa ziletso zoterezi sanali zigawenga. Akazi a Ainu analetsedwa mwambo wawo mu 1871, ndipo akazi a ku Okinawa mu 1899, monga mbali ya ntchito yofafaniza zinenero ndi miyambo ya mitundu ing'onoing'ono. Agogo amene kale ankanyadira manja awo anayamba kuwabisa pojambulitsa chithunzi. Owerenga athu sangaone zachilendo pamenepa. Agogo athu aakazi anali ndi mphini zokongoletsa kumaso, pachifuwa ndi pamimba, ndipo zinazimirira pamene sukulu ndi mishoni zinaphunzitsa ana awo kuti n'zachikunja. Lero tikafalitsa nkhani yakuti khungu lojambula ndi la chigawenga, tikubwereza mawu omwe ananenedwa pa agogo athu.

Chiletso cha ku Japan chinakhala zaka 76, mpaka 1948. Chinthu chikaletsedwa nthawi yaitali chotere, anthu oopa malamulo amachisiya ndipo chimatsalira kwa amene saopa apolisi. Apa m'pamene yakuza inapezera malo aakulu, ndipo kwa iwo kupirira ululu wa masingano kunakhala umboni wa kulimba mtima ndi kusabwerera m'mbuyo. Kenako kunabwera makanema. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kampani ya Toei inatulutsa mafilimu a yakuza ambirimbiri, ndipo Takakura Ken akavula malaya kuonetsa mkango ndi maluwa pamsana asanayambe ndewu, dziko lonse linaphunzira kuti msana wotere ndi wa munthu woopsa. Anthu ambiri a ku Japan sanaonepo tatuu ya msana wonse ndi maso awo, anaiona pakanema. Chosangalatsa n'chakuti pa TV ankaoneranso Toyama no Kin-san, woweruza wachilungamo wa ku Edo amene amaulula maluwa a sakura paphewa pake pogwira achifwamba, ndipo palibe ankamuyesa mbava.

Masiku ano masamu akukana nkhaniyi. Malinga ndi apolisi a ku Japan, a yakuza anali oposa 180,000 mu 1963, koma pofika mu 2024 anali osakwana 20,000. Malamulo okhwima a kuyambira mu 1992, ndi ena amene anafika m'zigawo zonse mu 2011, amawalepheretsa ngakhale kutsegula akaunti kubanki kapena kuchita lendi nyumba. Ambiri mwa achinyamata a m'maguluwa amapewa dala matatuu kuti asadziwike. Pamene yakuza ikuchepa, ojambulitsa akuchuluka: oimba, osewera mpira, ophika, amalonda, ndi alendo ochokera kunja okafuna amisiri a tebori.

Mfundo yachitatu, yakuti ndi mlandu, ndi yabodza basi. Palibe lamulo ku Japan loletsa munthu kukhala ndi tatuu. Mkangano umene unalipo unali wa amisiri. Mu 2001 unduna wa zaumoyo unanena kuti kubaya inki pakhungu ndi ntchito ya dokotala, ndipo mu 2015 apolisi ku Osaka anagwiritsa ntchito mfundoyi pa mmisiri wachinyamata Taiki Masuda, amene anauzidwa kulipira chindapusa cha mayeni 300,000. Iye anakana n'kupita kukhoti. Mu 2017 khoti loyamba linamupeza wolakwa, mu 2018 khoti la apilo linamumasula, ndipo mu September 2020 khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo linagamula kuti kujambula tatuu sikufuna chiphaso cha udokotala.

Chimene chatsala ndi tsankho la pakhomo, ndipo sitilichepetsa. Kafukufuku wa nthambi ya boma yoona zokopa alendo mu 2015 anapeza kuti mwa mahotela ndi nyumba za alendo pafupifupi 600 zimene zinayankha, 56 pa 100 zilizonse zinkakaniza anthu a matatuu m'malo osambira, 31 zinkawalola, ndipo 13 zinkawalola akaphimba. Eni malowa anayamba izi pofuna kuthamangitsa yakuza popanda kuitchula dzina, chifukwa kuuza chigawenga pamaso kuti ndiwe chigawenga si nkhani yamasewera. Koma lamulo lokuluwika limagwira wina. Mu 2013 mayi wa mtundu wa Maori wochokera ku New Zealand, amene anapita ku Hokkaido ku msonkhano wa zinenero za mitundu ing'onoing'ono, anabwezedwa pamalo osambira chifukwa cha zizindikiro za makolo ake pachibwano. Mu 2012 meya wa Osaka, Toru Hashimoto, analamula ogwira ntchito mumzinda oposa 30,000 kuti aulule ngati ali ndi tatuu. Anapezeka pafupifupi 110, ndipo ambiri anali otola zinyalala ndi ogwira ntchito za mtengatenga. Zigawenga zimene ankazisaka zinapezeka kuti ndi mtundu womwewo wa anthu amene anayambitsa lusoli ku Edo: ogwira ntchito ndi manja.

Kwa Mmalawi amene akupita ku Japan kukaphunzira kapena kukagwira ntchito ali ndi tatuu, uphungu wathu ndi wapafupi: palibe adzakumangani, koma valani malaya a manja aatali kuntchito, ndipo funsani kaye musanalowe mu onsen (malo osambira a madzi otentha), kudziwe losambira kapena kumalo olimbitsira thupi. Kwa makolo, zifukwa zomveka zokambirana ndi mwana zilipo: singano zosaphika bwino zimafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi, kufufuta tatuu n'kodula kuposa kuijambula, ndipo olemba ntchito ena saikonda. Muuzeni zimenezo. Uthenga wa yakuza uja ukakufikani, musautumize kwa wina.